PHUNZIRO LA ZAUMOYO: KUPHATIKIZA MANKHWALA AZITSAMBA NDI MANKHWALA A SHUGA

Cholinga cha phunziro

Pomaliza phunziro ili, mayi aliyense adziwe zinthu zitatu: chimene chimachitika m'thupi munthu akamamwa zitsamba pamodzi ndi mankhwala a shuga a kuchipatala, zizindikiro zosonyeza kuti shuga watsika kwambiri, ndiponso mawu oyenera kulankhula tikapita kukaona wodwala matendawa.

Mawu oyamba

Amayi okondedwa, kale tinkati shuga ndi matenda a anthu olemera a m'tauni. Lero ali m'midzi mwathu momwe. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, pafupifupi 6 anali ndi matenda a shuga.

Pakhomo pakakhala wodwala, ndife amayi amene timamuphikira, timamusungira mapiritsi ndi kumuperekeza kuchipatala. Ndifenso amene timalandira malangizo a abale ndi anansi. Wina amati muwiritsireni masamba a nimu, wina amati ufa wa moringa, wina amati madzi a therere, winanso amabwera ndi botolo lodula lochokera ku Johannesburg. Onsewa amanena mwachikondi. Koma chikondi chopanda nzeru chikhoza kupweteka munthu yemwe tikufuna kumuthandizayo. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

1. Mmene mankhwala a kuchipatala amagwirira ntchito

Nsima, mpunga, mbatata, chinangwa ndi buledi zikalowa m'mimba zimasanduka shuga amene amapita m'magazi. Kuti shugayo alowe m'minofu ndi kutipatsa mphamvu, pamafunika insulini, amene amapangidwa ndi kapamba. Munthu wa matenda a shuga alibe insulini wokwanira, kapena ali naye koma thupi silimumvera bwino. Choncho shuga amangodzaza m'magazi ndipo pang'onopang'ono amawononga maso, impso, mtima ndi mapazi.

Mankhwala amene odwala ambiri amalandira m'zipatala zathu ndi atatu.

Oyamba ndi metformin. Awa amaletsa chiwindi kutulutsa shuga wambiri ndipo amathandiza thupi kumvera insulini. Pa okha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri, koma amatuluka m'thupi kudzera mu impso, kotero amafuna impso zogwira bwino ntchito.

Achiwiri ndi glibenclamide, ndi m'bale wake gliclazide. Awa amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kaya sanadye. N'chifukwa chake wodwala akamwa mapiritsiwa n'kulumpha chakudya, shuga amatha kutsika koopsa. Glibenclamide amakhalitsa m'thupi, makamaka mwa okalamba ndi mwa amene impso zawo zinafooka, ndipo World Health Organization imalangiza kuti anthu opitirira zaka 60 asamapatsidwe ameneyu pamene gliclazide alipo.

Achitatu ndi jakisoni wa insulini, amene mphamvu yake ndi yaikulu kuposa onse.

Mfundo yofunika ndi iyi: mlingo wa mankhwalawa sungoperekedwa mwachisawawa. Adokotala amaona zotsatira za magazi, zaka za wodwala, kadyedwe kake ndi matenda ena amene ali nawo. Tikawonjezerapo kanthu kena mseri, ndiye kuti masamu onse a adokotala asokonekera iwo osadziwa.

2. Chitsamba nachonso ndi mankhwala

Phunziro ili silikunyoza zitsamba ayi. Metformin yemweyo chiyambi chake ndi chomera cha ku Ulaya chotchedwa Galega officinalis, chimene anthu akumeneko ankachigwiritsa ntchito kalekale. Koma chomera chimenecho chili ndi poizoni, ndipo nkhosa zikachidya chambiri zimafa. Panapita zaka zambiri akatswiri akufunafuna mankhwala ofanana nacho amene sangapweteke munthu, mpaka m'chaka cha 1957 pamene dokotala wa ku Paris, Jean Sterne, anaonetsa kuti metformin amathandiza odwala shuga. Lero piritsi lililonse limalembedwa mlingo wake, monga 500 mg kapena 850 mg.

Nanga kapu ya madzi owiritsa masamba ili ndi mlingo wanji? Masamba a m'dzinja ndi a m'chilimwe mphamvu yawo si yofanana. Dzanja la mayi uyu ndi la mayi uyo silitapa mofanana. Wina amawiritsa kwa mphindi 5, wina kwa ola lathunthu. Choncho wodwala amene akumwa piritsi ndi chitsamba akumwa mankhwala awiri, ena oyezedwa, ena osayezedwa. Mawu oti "ndi zachilengedwe, sizipweteka" si oona. Fodya ndi wachilengedwe, bowa wakupha ndi wachilengedwe, chinangwa chowawa chosaviika nachonso n'chachilengedwe.

Zomera zina monga moringa, amene ena amati chamwamba, komanso nimu, alovera, sinamoni ndi karela, chipatso chowawa chonga nkhaka, zinaonetsa mphamvu yotsitsa shuga poziyesa pa makoswe kapena pa anthu ochepa. Koma akatswiri a bungwe la Cochrane ataunika kafukufuku wa sinamoni ndi wa karela m'chaka cha 2012, anapeza kuti umboni sunali wokwanira kuti odwala azizidalira. Palibe chitsamba chimene chinatsimikizika kuti chimathetsa matenda a shuga.

3. Njira zinayi zimene ngozi imabwerera

Njira yoyamba: shuga kutsika mopitirira. Ngati chitsamba chikutsitsa shuga ndipo glibenclamide kapena insulini akutsitsanso, mphamvu ziwirizi zimaphatikizana. Tiganizire agogo amene amwa piritsi m'mawa, amwanso kapu ya nimu, kenaka apita kumunda kapena kumaliro osadya mpaka dzuwa litapendeka. Ubongo umadalira shuga nthawi zonse. Akachepa kwambiri munthu amasokonezeka mutu, amakomoka, ndipo akachedwa kuthandizidwa ubongo umawonongeka kapena amamwalira. Mowa nawonso umatsitsa shuga, makamaka munthu akamwa osadya, choncho mizu yoviikidwa m'kachasu ndi yoopsa pawiri.

Njira yachiwiri: kufooketsa mankhwala. Zitsamba zina zimalepheretsa piritsi kugwira ntchito. M'chaka cha 2011 akatswiri a ku Bangladesh anapeza kuti makoswe opatsidwa madzi a therere lobala pamodzi ndi metformin, mankhwalawo sanalowe bwino m'magazi mwawo. Uku kunali kuyesa pa makoswe, koma ndi chenjezo lokwanira kwa amene amamwera mapiritsi awo madzi a therere loviika usiku. Chitsamba china cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort, chimene abale a kunja amatha kutitumizira kuti chithandize pa nkhawa, chimafulumizitsa chiwindi kuchotsa mankhwala m'thupi. Chimafooketsa gliclazide, mapiritsi olera ndiponso ma ARV.

Njira yachitatu: kupweteka impso ndi chiwindi. Matenda a shuga pa okha amafooketsa impso. Madzi achikasu owawa a m'tsamba la alovera amatsegula m'mimba, ndipo m'chaka cha 2002 boma la America linaletsa kuwaika m'mankhwala otsegula m'mimba ogulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Mankhwala ambiri amene amatchedwa otsuka m'thupi amagwira ntchito motero. Munthu akatsegula m'mimba kapena kusanza kwambiri, madzi amatha m'thupi, impso zimalephera kuchotsa metformin, ndipo magazi amatha kuchuluka asidi, limene ndi vuto lofuna kugonekedwa m'chipatala msanga. Sinamoni wamba naye akamamwedwa wambiri tsiku ndi tsiku amatha kupweteka chiwindi.

Njira yachinayi: zobisika m'botolo. Si zonse zolembedwa kuti ndi zitsamba zimene zili zitsamba zokhazokha. M'chaka cha 2008 ku Singapore, anthu 150 amene analibe n'komwe matenda a shuga anagonekedwa m'zipatala shuga wawo atatsika koopsa, ndipo 4 anamwalira. Pafupifupi onse anali amuna. Chimene chinapezeka n'chakuti m'mankhwala opatsa amuna mphamvu amene ankagulitsidwa mozemba, ena mwa iwo olembedwa kuti ndi azitsamba, munali glibenclamide wambiri. Ngati zinatero kwa anthu osamwa mankhwala a shuga, nanga kwa amene akumwa kale? Nkhani imeneyi ikutikhudza ife a pabanja, chifukwa matenda a shuga amatha kufooketsa abambo m'nyumba, ndipo ambiri amachita manyazi kuuza adokotala, m'malo mwake amakagula mankhwala mwakabisira. Tiwalimbikitse mwaulemu kuti akafotokoze kuchipatala.

Tikumbukirenso kuti zosakaniza zambiri amazitsekemeretsa ndi uchi. Uchi ndi shuga, ndipo umakweza shuga m'magazi ngati shuga wa m'paketi yemwe.

4. Ngozi yoposa zonse: kusiya mankhwala

Kawirikawiri nkhani imayamba ndi kuphatikiza, n'kuthera pa kusiya. Wodwala amamva bwino, ndipo amayamikira chitsamba chimene wayamba posachedwa, kuiwala piritsi limene lakhala likugwira ntchito mwakachetechete. Kenaka amaliika pambali.

Vuto la shuga wokwera ndi lakuti samveka kupweteka msanga. Munthu akhoza kuyenda miyezi akuoneka wabwinobwino pamene maso ndi impso zikuwonongeka. Pamene chilonda cha paphazi chikukana kupola kapena maso ayamba kuchita khungu, zambiri zimakhala zitawonongeka kale.

Kwa ana ndi achinyamata amene kapamba wawo sapanganso insulini, ngozi yake ndi ya masiku ochepa chabe. Akasiya jakisoni amayamba ludzu losatha, kukodza pafupipafupi, kusanza, kupweteka m'mimba, kupuma mozama, kenaka kukomoka. Insulini asanapezeke ku Toronto m'chaka cha 1921, ana otere ankamwalira ngakhale kuti zitsamba zinalipo m'mayiko onse. Palibe muzu kapena tsamba limene lingalowe m'malo mwa jakisoni ameneyu.

5. Kusiyana kwa ndiwo ndi mankhwala

Mwina wina afunsa kuti, kodi tisiye kudya therere ndi moringa? Ayi, amayi. Ndiwo zamasamba monga bonongwe, nkhwani, chisoso, kholowa, therere ndi masamba a moringa ndi chakudya chabwino kwambiri kwa wodwala shuga. Adyo ndi jinja wokometsera ndiwo kapena tiyi alibe vuto. Mbale ya wodwala ikhale ndi masamba ambiri, nyemba kapena nsomba, ndi nsima yochepa, makamaka ya mgaiwa.

Chomera chimasanduka mankhwala pamene tikuchimwa chambiri, chowiritsa mokhathamira, cha ufa, cha makapisozi kapena cha m'botolo, tsiku ndi tsiku, ndi cholinga chotsitsa shuga. Pamenepo ndi pofunika kufunsa kaye.

6. Zizindikiro zoti shuga watsika, ndi chochita

Aliyense wa pakhomo, ngakhale ana osinkhukirapo, adziwe zizindikiro izi: kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, mtima kugunda mofulumira, chizungulire, mutu, kuona zinthu mwachimbuuzi, kukwiya popanda chifukwa, kulankhula zosamveka ngati woledzera, kugwa ngati wakhunyu ndi kukomoka. Anthu ena ataya moyo chifukwa owazungulira ankaganiza kuti aledzera kapena alodzedwa.

Ngati muli ndi makina oyezera, shuga watsika akakhala pansi pa 3.9. Makina ena amawerenga mwa njira ina, ndipo pa amenewo malire ake ndi 70.

Ngati wodwala ali maso ndipo akutha kumeza, chitani izi ngakhale mulibe makina:

a. Sungunulani masupuni aang'ono 4 a shuga m'madzi, mumumwetse. Theka la botolo la Fanta kapena Coca-Cola wokhala ndi shuga limathandizanso.

b. Dikirani mphindi 15. Ngati sanasinthe, bwerezani.

c. Akayamba kupeza bwino, mupatseni chakudya chokhalitsa m'mimba monga phala, nsima, mbatata kapena buledi.

d. Mupititseni kuchipatala tsiku lomwelo, makamaka ngati amamwa glibenclamide, chifukwa shuga akhoza kutsikanso patapita maola angapo, mwina usiku ali mtulo.

Musaope kuti shuga mwamupatsayo amupweteka. Pa nthawi imeneyo ndi amene akupulumutsa moyo wake.

Ngati wakomoka, musamumwetse kanthu chifukwa angatsamwe. Mugonekeni chammbali ndipo thamangirani naye kuchipatala. Tengani buku lake la kuchipatala, mapiritsi ake, ndi chitsamba kapena botolo lililonse limene wakhala akumwa.

7. Zoyenera kuchita

Choyamba, tisabise. Odwala ambiri sanena za zitsamba poopa kukalipiridwa. Koma adokotala akaona shuga wotsika kapena wokwera osadziwa chifukwa chake, akhoza kusintha mlingo molakwika. Ndi bwino kupirira manyazi a mphindi imodzi. Safunsa anadya phula. Mukhoza kunena kuti, "Adokotala, kupatula mapiritsi munandipatsa, ndikumwanso ichi kawiri pa tsiku. Kodi zikugwirizana?" Ngati n'kotheka pitani nacho chinthucho kuti achione, ndipo pemphani kuti achilembe m'buku.

Chachiwiri, tinene mankhwala onse. Ngakhale mankhwala a kuchipatala okhaokha amatha kukhudzana. Mwachitsanzo, ma ARV okhala ndi dolutegravir, amene ambiri akumwa m'dziko muno kuyambira 2019, amachulukitsa metformin m'magazi, ndipo adokotala amafunika kudziwa kuti aike mlingo woyenera. Ngati mapiritsi odziwika bwino amafuna kusamala kotere, kuli bwanji botolo losadziwika za m'kati mwake?

Chachitatu, tisasiye kapena kuchepetsa mankhwala patokha. Ngati shuga wakhala bwino kwa nthawi yaitali, adokotala ndi amene angachepetse mlingo atayeza magazi.

Chachinayi, pali anthu amene asayese n'komwe zitsamba zotsitsa shuga: amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ana, okalamba, odwala impso kapena chiwindi, ndi amene akuyembekezera opaleshoni.

Chachisanu, tichenjere ndi malonda. Botolo lopanda dzina la wopanga, lopanda mndandanda wa zosakaniza ndi tsiku lothera mphamvu, lisalowe m'nyumba mwathu. Mankhwala amene akuti amachiza shuga, kuthamanga kwa magazi, khansa ndi kusabereka nthawi imodzi ndi okayikitsa, kaya alengezedwa pa wailesi, pa basi kapena pa WhatsApp. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo odziwa za mankhwala m'mafamase ovomerezeka angatithandize pamene takayika. Ndalama zimene zikanapita ku mabotolo odula ndi bwino zigule ndiwo zabwino, nsapato zoteteza mapazi ndi thiransipoti ya tsiku la sikelo ya shuga.

Chachisanu ndi chimodzi, tisamale pa kusala kudya. M'nyengo ya Lenti kapena pa masiku a mapemphero, amene amamwa glibenclamide, gliclazide kapena kubaya insulini asasale chakudya asanakambirane ndi adokotala. Pa misonkhano yathu yaitali, atsogoleri alole odwala shuga kutuluka kukadya pa nthawi yake, ndipo wodwala aliyense aziyenda ndi maswiti kapena kapaketi ka shuga m'chikwama.

8. Tikapita kukaona wodwala

Kuyendera odwala ndi ntchito yathu, ndipo mawu a mayi mnzathu nthawi zina amamveka kuposa a namwino. Choncho tisamale ndi zimene timatenga ndi zimene timalankhula. Chimene chinathandiza mlamu wanu sichingathandize aliyense, pakuti simukudziwa mapiritsi amene winayo akumwa ndiponso mmene impso zake zilili.

M'malo monena kuti "Yesani chakuti," tifunse mafunso othandiza: Kodi mankhwala mukadali nawo? Tsiku lanu lobwerera kuchipatala ndi liti? Alipo wokuperekezani? Mwadya lero? Ngati tapeza kuti akumwa zitsamba, tisamunyoze kapena kumuopseza, chifukwa adzangoyamba kubisa. Timulimbikitse kukanena, ndipo ngati akuopa timuperekeze. Tikapeza kuti wasiya mankhwala, tisachoke tisanagwirizane ndi abale ake tsiku lopita naye kuchipatala.

Mafunso oti tikambirane m'magulu

1. Ndi zitsamba ziti zimene anthu a m'dera lathu amamwa chifukwa cha shuga? Amazipeza kuti, ndipo amayeza bwanji mlingo wake?

2. N'chifukwa chiyani odwala amabisa kwa adokotala kuti akumwa zitsamba? Tingawathandize bwanji kulimba mtima?

3. Mayi wina wayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pakati pa msonkhano, ndipo tikudziwa kuti amadwala shuga. Tichite chiyani choyamba, chachiwiri ndi chachitatu?

4. Apongozi abwera ndi mizu kuti mwana wathu asiye jakisoni wa insulini. Tiwayankhe bwanji mwaulemu koma mosagonja?

5. Kodi gulu lathu lingachitepo chiyani kwa odwala amene amalephera kupita kuchipatala chifukwa chosowa thiransipoti?

Ntchito ya mwezi uno

Mayi aliyense amene ali ndi wodwala shuga pakhomo alembe papepala mankhwala onse amene wodwalayo akumwa, a kuchipatala ndi azitsamba omwe, ndipo pepalalo aliike m'buku la kuchipatala. Aphunzitsenso anthu awiri a pakhomo pake zizindikiro za shuga wotsika. Magulu amene angathe aitane namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti adzayankhe mafunso ndi kuyeza amayi shuga. Tsiku la 14 Novembala, limene dziko lonse limakumbukira matenda a shuga, ndi nthawi yabwino yochitira zimenezi.

Mawu omaliza

Munthu wa matenda a shuga akhoza kukhala zaka zambiri akulima, akuchita malonda ndi kulera zidzukulu, ngati akumwa mankhwala ake mokhulupirika, akudya moyenera ndi kupita kukayezetsa pa tsiku lake. Masamba tidye ngati ndiwo. Koma chilichonse chimene tikufuna kumwa ngati mankhwala, chiyambe chadutsa pamaso pa amene anatilembera mapiritsi. Uthenga umenewu tikaufikitse m'makomo mwathu ndi kwa odwala onse amene timawayendera.